Pansi pa njanji ya tisitima: plywood, foam kapena cork?

KaNjanji87:
Moni nonse akuluakulu. Funso ndi la njanji ya tisitima ta m'nyumba ta sikelo ya HO (tochepa ka 87 poyerekeza ndi sitima yeniyeni), njanji ya code 100 yopindika ija (code ndi msinkhu wa chitsulo chake). Chipinda ndi cha 3 m ndi 2.4 m, denga la malata lopanda siling'i. Njanji izungulira m'mbali mwa makoma pa mashelefu a 600 mm m'lifupi, mapointi (popatukira njanji) asanu ndi atatu oyendetsedwa ndi timamota ta pansi, ndipo pamalo amodzi njanji idutsa pamwamba pa inzake. Ena akuti plywood ndi cork (khungwa lofewa la mtengo) basi. Ena akuti foam ya pinki payokha ikwana. Kalipentala akuti MDF ndiyo yosalala kuposa zonse. Pansi pa njanjipa payenera chiyani kwenikweni, ndipo chochindikala bwanji?

MmisiriWaThabwa:
Achimwene, tiyambe talekanitsa zinthu, chifukwa mawu oti "pansi pa njanji" akubisa zinthu zitatu za ntchito zosiyana. Pali felemu, imene imanyamula zonse. Pali bodi yogona pafelemupo, imene ntchito yake ndi kukhala yowongoka zaka zonse. Ndiye pali kamzere kopyapyala ka cork kapena foam kamene njanji imagonapo, kamene kamatukula njanji kuti miyala ipange phewa ngati la njanji yeniyeni. Anthu amakangana za kachitatuka usiku wonse, koma sitima ikamagwa panjira, kawirikawiri cholakwa chimakhala pa ziwiri zoyambazo. Cork siwongola bodi yopindika, imangotsatira kupindikako.

Pa mashelefu anuwo tengani plywood ya 9 mm, ndipo pansi pake pakhale mitanda yopingasa pa 300 mm mpaka 350 mm paliponse. Mukatenga ya 12 mm mutha kutalikitsa mitandayo mpaka 400 mm kapena 450 mm. Pogula musangoyang'ana nkhope yake, yang'anani m'mphepete muwerenge magawo. Ya birch yabwino ya 9 mm imakhala ndi magawo asanu ndi awiri, ya 12 mm magawo asanu ndi anayi. Yotchipa imakhala ndi magawo ochepa ochindikala, nthawi zina ndi mphako m'kati, ndipo imeneyo ndiyo imapotoka ngati tsamba louma. Ikani bodiyo chogoneka pansi posalala musuzumire m'mbali. Ngati ngodya imodzi yadzuka kale pogulitsira, kunyumba sikagona.

Bodi yathunthu ndi 2440 mm ndi 1220 mm, ndiye imatulutsa zidutswa zinayi za pafupifupi 1200 ndi 600. Musapitirire pamenepo pa chidutswa chimodzi, kuti chizituluka pakhomo ndiponso muzitha kuchitembenuza polumikiza mawaya.

Felemu musapange ndi paini wauwisi wongogula kumene pamsika. Ameneyo amauma ali kale pa ntchito ndipo pouma amakoka bodi yonse. Ndi bwino kucheka timizere ta plywood yomweyo ta 100 mm m'lifupi, kutiimika chammbali, kumata ndi guluu wa matabwa ndi kumanga ndi masikuluwu, ndi timatabwa tating'ono m'ngodya. Boolani mabowo a 25 mm odutsa mawaya musanamange.

Gogo_OO:
MDF ija ayi, ndipo kalipentala sanalakwe pa zimene waona, ndi yosalaladi tsiku logula. Vuto lake ndi lakuti ilibe mitsempha ya mtengo m'kati, ndi utuchi wopanikizidwa ndi guluu. Ikatenga miyezi itagona pakati pa mitanda iwiri imabwanthuka pang'onopang'ono ndi kulemera kwake komwe. Chachiwiri, pomata miyala mudzathira madzi ambiri pabodipo. Madzi akalowa pabowo la waya kapena m'mphepete mocheka, MDF imafufuma, ndipo ikauma sibwereranso. Kachulu ka 1 mm pansi pa pointi n'kokwanira kudzutsa gudumu la injini. Timisomali ta njanji nato timapindika tisanalowe. Chipboard ndi chimodzimodzi, ndipo iyo imanyenyekanso m'mphepete.

MmisiriWaThabwa:
Zoona agogo. Blockboard nayo anthu amaifunsa chifukwa imapezeka msanga. Imalimba kumbali imodzi yokha, motsatira timitengo tam'katimo, ndipo sikuluwu ikagwera pa mpata wa pakati pa timitengoto imangozungulira osagwira. Pa shelefu yowongoka ya pamalo osungira mabogi ingathandize, koma podula njira yokhota kapena yokwera siyenera.

MayiN160:
Ndilankhulireko foam, chifukwa ikunyozeka ndi anthu amene amaisokoneza ndi ina. Pali yoyera ya timipira ija imabwera m'makatoni a firiji ndi TV. Imeneyo ndi yofewa, imayoyoka, ndipo ndi yongodzazira m'kati mwa mapiri. Imene tikunena ndi XPS, yolimba yopanda timipira, yopangidwira kutchinga kutentha m'nyumba. Ku America ya pinki ndi ya Owens Corning, ya buluu inatchuka ndi dzina la Styrofoam, ndipo amene muli ku South Africa mumaidziwa ndi dzina la IsoBoard.

Ubwino wake waukulu pa chipinda ngati cha achimwenewa ndi wakuti siimva chinyezi. Mvula igwe, kuume, yokhayo ili chimodzimodzi. Ndi yopepukanso: chidutswa cha 1200 ndi 600 chochindikala 50 mm chimangopitirira pang'ono kilogalamu imodzi, pamene plywood ya 9 mm ya kukula komweko ili cha m'ma kilogalamu anayi. Ndipo mumatha kusema pansi pa njanji. Pa HO, 50 mm ikuimira kuya kopitirira mamita anayi, pa N, sikelo yocheperapo ija, ndi mamita asanu ndi atatu. Ngalande, kamtsinje, mtunda umene njanji yakwerapo, zonsezo mumangosema ndi mpeni. Pa bodi ya plywood yafulati dziko lonse limakhala pamwamba pa njanji kapena pamlingo wake, pamene njanji yeniyeni nthawi zambiri imakhala pamwamba pa nthaka yoizungulira kuti madzi azithawa.

Koma ili ndi malamulo ake. Guluu wa contact wonunkha uja, penti wopopera ndi thinner zimaisungunula, pamatsala dzenje. Guluu woyera wa matabwa pakati pa zidutswa ziwiri za foam sauma, chifukwa amauma madzi ake akathawa, ndipo pamenepo alibe kothawira. M'mphepete mumaoneka mouma koma m'kati muli phala. Gwiritsani guluu wolembedwa kuti ndi woyenera polystyrene, kapena acrylic caulk, chomatira chofewa cha m'chubu chotsekera ming'alu. Ngati pamwamba pali kapulasitiki kopyapyala, kasendeni kaye. Zidutswa ziwiri za 50 mm sizifanana ndendende nthawi zonse, choncho pokumana pake yalani lula yachitsulo ndipo mupale ndi sandipepa womata pa thabwa lalitali mpaka chala chisamve mzere. Foam sigwira msomali, zonse ndi zomata. Imapsa ndi moto, ndipo utsi wa podula ndi waya wotentha si wopuma, tsegulani mawindo.

KaNjanji87:
Zikomo amayi. Ndiye foam ya 50 mm pa felemu, popanda plywood, ingatheke?

Wamawaya:
Ingatheke pa njanji yopanda timamota ta pansi. Pa mapointi asanu ndi atatu anuwo ndi pamene foam imavutira, ndipo anthu amazindikira atamata kale njanji.

Kamota ngati Tortoise kamamangidwa pansi pa bodi ndi masikuluwu, ndipo kamakankha pointi ndi kawaya kachitsulo kodutsa pabowo. Foam sigwira sikuluwu, ndilo vuto loyamba. Lachiwiri ndi kutalika. Kawaya kobwera ndi kamotako ndi ka 0.025 inchi, pafupifupi 0.6 mm, ndipo kanapangidwira bodi ndi cork zosapitirira pafupifupi 25 mm zonse pamodzi. Mukayala plywood ya 6 mm, foam ya 50 mm ndi cork ya 5 mm, mwadutsa 60 mm. Kawayako kamangopindika m'bowo, malilime a pointi (tinjanji take tosuntha) osafika pa njanji, pamatsala kampata kamene gudumu limalowamo.

Njira zilipo ziwiri. Ina ndi kusintha kawayako ndi piano wire (waya wachitsulo wolimba) ya 0.8 mm mpaka 1 mm, ndi kukulitsa pang'ono timabowo timene kamadutsamo pa kamotapo. Ina, imene ili yodalirika, ndi kusema bowo lamakona mu foam pansi pa pointi, kumata kachidutswa ka plywood ya 6 mm pamwamba pake molingana ndi nkhope ya foam, kamota n'kumangidwa pa kachidutswako kuchokera pansi. Zimagwira, koma ndi ntchito yobwereza kasanu ndi katatu.

Pa plywood ya 9 mm ndi cork ya 5 mm zonsezi palibe. Muboola bowo la 10 mm pansi pa kamtanda kosuntha ka pointi musanayale njanji, basi. Kumbukirani kuti Tortoise imalendewera pansi kupitirira pang'ono 80 mm, n'chifukwa chake felemu ya 100 mm imene anena achimwene pamwambapa ndi yoyenera, imateteza kamotako mukatsitsa bodi pansi. Ndipo jambulani mapointi onse pabodi musanamange mitanda. Mtanda ukagwera pansi penipeni pa pointi, kamota kasowa pokhala.

MayiN160:
Pamenepo sinditsutsa. Pa siteshoni pamene mapointi aunjikana, plywood. Koma kunja kwa siteshoni, kumene njanji ikungodutsa m'thengo, palibe chifukwa choyalira plywood shelefu yonse ya 600 mm. Dulani kanjira ka plywood kotsatira njanji, ka 60 mm m'lifupi pa njanji imodzi ya HO, kaimikeni pa timizati tochokera pa mitanda, ndipo mbali zonse ziwiri mudzaze ndi foam yosema. Kulimba kuchokere ku thabwa, maonekedwe a dziko ku foam.

WaChikweza:
Kanjira ka plywood kameneko sikongokongoletsa, pa chipinda ichi n'kofunika ndithu, chifukwa cha malo amene njanji idutsa pamwamba pa inzake. Tiwerengere limodzi.

Kuchokera pamwamba pa njanji yapansi kufika kunsi kwa mlatho pafunika 70 mm mpaka 75 mm pa HO, kutengera bogi yanu yaitali kwambiri. Titenge 75. Pamwamba pake pali plywood 9 mm, cork 5 mm, ndi njanji yokhayo ndi masilipa ake (timitanda timene zitsulo zimagonapo) pafupifupi 5 mm. Zonse pamodzi 94 mm. Chikweza cha 2 peresenti, kutanthauza kukwera 20 mm pa mita iliyonse, chikufuna 4.7 m kuti chifike pamenepo, ndi 4.7 m ina kuti chitsike. Ndi 9.4 m, ndipo kuzungulira chipinda cha 3 m ndi 2.4 m njanji yake siifika n'komwe pamenepo, osanena za siteshoni imene iyenera kukhala pafulati. Pa bodi yafulati mudzakakamizika kupita ku 4 peresenti, ndipo injini imene imakoka mabogi khumi ndi awiri pafulati idzayamba kutereza magudumu ndi ochepa chabe, makamaka pokhota, chifukwa kukhota kumawonjezera kulemera kwa chikweza.

Mankhwala ake ndi kugawana: njanji ina ikwere 47 mm, inayo itsike 47 mm. Iliyonse ikufuna 2.35 m basi. Koma njanji singatsike pansi pa bodi yafulati yokhomedwa pafelemu. N'chifukwa chake bodi yonse, ngakhale ya pa siteshoni, muitukule pa timizati 60 mm kapena kuposerapo pamwamba pa felemu, kuti kukhale kotsikira.

Pa mlatho penipeni chepetsani. Siyani cork, ndipo plywood ya 9 mm ilowedwe m'malo ndi ya 3 mm kapena 4 mm yokhala ndi timitanda m'mbali pamwamba ngati mlatho weniweni wa zitsulo. Mamilimita khumi amene mwapulumutsa ndi theka la mita la chikweza.

China chimene chimagwetsa sitima ndi poyambira chikweza. Musalumikize zidutswa ziwiri za plywood pamenepo, pamakhala ngodya, ndipo zolumikizira mabogi zimasiyana msinkhu n'kumasuka, kapena mphuno ya injini imakhudza njanji. Chekani mizere iwiri mu bodi yafulatiyo motsatira njanji, lilime lotulukalo mulitukule pang'onopang'ono. Plywood ikamapindika yokha imapanga kukwera kofatsa kumene dzanja silingapange. Apa ya 9 mm imaposa ya 12 mm chifukwa imamvera. Timizati pa 250 mm mpaka 300 mm paliponse, ndipo pa kalikonse ikani levulo chopingasa. Kanjira kopendekera mbali imodzi pa mzati uwu ndi mbali ina pa wotsatira kamapotoza njanji, ndipo bogi yaitali imayenda ndi magudumu atatu.

KaNjanji87:
Apa mwanditsegula maso. Nanga cork ija? Ndi zoona kuti imachepetsa phokoso?

Gogo_OO:
Imachepetsa kufikira tsiku lomata miyala. Yalani njanji pa cork popanda miyala, sitima iyenda mwakachetechete. Thirani miyala, muimate ndi guluu woyera wosakaniza ndi madzi, iume: miyala, masilipa, cork ndi plywood zasanduka chinthu chimodzi chouma ngati simenti. Kunjenjemera kwa magudumu sikudutsanso mu cork, kumadutsa m'miyala youmayo m'mbali mpaka pa bodi, bodi n'kumalira ngati ng'oma. Timisomali nato n'chimodzimodzi, kalikonse kodutsa cork kulowa mu plywood ndi kanjira ka phokoso. Ndiye cork igulidwe chifukwa cha phewa la miyala ndi kusalala, osati poyembekeza bata.

MmisiriWaThabwa:
Agogo, mwanena zoona theka. Cork payokha sikwanira, koma cholakwa si cork, ndi guluu. Unyolo wonse ukakhala wofewa bata limatsala ndithu. Cork imatidwe ndi acrylic caulk kapena guluu wa latex, njanji chimodzimodzi, miyala imatidwe ndi matte medium ya ojambula kapena latex wosungunula, amene amauma ngati mphira. Ndipo phewa la miyala lisatsetserekere pa plywood yopanda kanthu. Yalani kaye cork yopyapyala kapena foam yotambalala kupitirira phewalo, kuti miyala ithere pa chofewa.

Ng'oma imaliranso chifukwa chikopa chake n'chotambalala ndi chopyapyala. Kanjira ka 60 mm kamalira pang'ono kuposa bodi ya 600 mm. Foam ya XPS yopanda plywood pansi ndiyo imalira kwambiri, chifukwa ndi yopepuka komanso yolimba, ndiye kanthu kakang'ono kamaigwedeza yonse.

Gogo_OO:
Latex ali ndi mtengo wake, munene zonse. Mukadzaboola pambuyo pake kuti mudutse waya, amakulungika pa chiboolero n'kusolola miyala ya chikhatho chonse ngati ulusi. Dulani kaye ndi mpeni mozungulira pamene mukufuna kuboola. Pomwe guluu woyera ali ndi ubwino wakuti mukafuna kusuntha njanji, mumanyowetsa ndi madzi ofunda, n'kudikira, njanji n'kutuluka yamoyo.

MayiN160:
Palinso foam yakuda yopangidwira ntchito yomweyi, ngati Track-Bed ya Woodland Scenics, 5 mm ya HO ndi 3 mm ya N. Pa bata imaposa cork. Koma siipalika ndi sandipepa, ndiye chilema cha bodi chimaonekera pamwamba, ndipo ndi yofewa: mukakanikiza pointi ndi chala poimata imatha kutsala itapindika pakati. Siponji yotuwa yakale yokhala ndi mapanga a masilipa, imene inkabwera itaumbidwa kale, musaigule ngakhale yotchipa. Mtundu umenewo umafumbutuka pakapita zaka, njanji n'kutsala ikulendewera pa ufa.

WaChikweza:
Mayalidwe a cork, popeza achimwene asankha njira imeneyo. Ya Midwest ya HO imabwera m'timizere ta mapazi atatu, pafupifupi 5 mm kuchindikala, kalikonse kochekedwa chopendekera pakati. Kang'ambeni pawiri, mutembenuze kuti mbali zowongoka zikumane pakati ndipo zopendekera ziyang'ane kunja. Jambulani mzere wa pakati pa njanji pa plywood. Matani theka loyamba m'mphepete mwa mzerewo, kenako lachiwiri. Mzere wokumanirana ndiwo udzakutsogolereni poyala njanji. Mathero a matheka awiriwo asathere pamodzi, asiyane ndi 100 mm kapena kuposa, makamaka pokhota. Gwirizirani ndi mapini mpaka guluu aume, ndipo mapiniwo muzule.

Ikauma ipaleni ndi sandipepa wa 80 kapena 100 womata pa thabwa la 300 mm. Ambiri amadumpha apa. Polumikizira pamakhala timapiri, ndipo m'mphepete mwa pamwamba mumakhala kakhonde kakuthwa kamene kamatulukira m'miyala ngati simunakafafanize. Pansi pa mapointi ndi pa siteshoni yalani cork yathunthu yosang'amba. Ya m'mipukutu ya 3 mm, yoyalira pansi kapena yokhomapo zidziwitso, imagwira bwino ntchito bola ikhale ya timbewu tating'ono. Ya timbewu tikulutikulu imathyoka pokhota. Cork yokhalitsa m'sitolo imauma, ipindeni pang'ono musanagule.

Njanji ya m'mbali yosungira mabogi imakhala yotsika kuposa njira yaikulu, ndipo zimaoneka bwino mukatsanzira. Koma kutsika kuchoka pa 5 mm kufika pa 3 mm kapena pa bodi penipeni kutenge 300 mm mpaka 400 mm, kopalidwa ndi sandipepa, ndipo kuyambe patadutsa utali wa bogi imodzi kuchokera pa pointi. Pointi yonse igone pafulati.

Wamawaya:
Pomata njanji, caulk akhale wochepa kwambiri. Kamzere kamodzi kakang'ono, mukapake ndi mpeni wa pate mpaka mzere wa pensulo uzioneka kupyola. Akatumphukira pakati pa masilipa mwachulutsa, ndipo miyala idzasowa pokhala. Akhale acrylic, osati silicone, chifukwa pa silicone penti ndi guluu sizigwira. Pansi pa malilime a pointi ndi kamtanda kosuntha pasafike caulk ngakhale dontho, pakani penti wotuwa pa cork pamenepo kuti pasaoneke poyera. Tsindirani ndi thabwa lowongoka ndi zitini zodzaza usiku wonse.

Amene akukonda timisomali asamale ndi nkhonya yomaliza. Msomali ukalowa mopitirira umakanikiza silipa pakati, cork n'kulola, silipa n'kupindika, njanji ziwirizo n'kuweramirana. Mpata wa 16.5 mm wachepa pamenepo, ndipo injini idzakwera njanji pamalo omwewo tsiku lililonse. Mutu wa msomali usiye kampata koti pepala lilowe. Mukamaliza yendetsani maginito panjira yonse, kamsomali kotayika kamakokedwa ndi maginito a mota ya injini n'kulowa m'magiya.

MlondaWaGulu:
Palibe amene wakhudza denga la malata lija, ndipo kwa ine ndi pamene pagona nkhani ya chipinda chimenechi. Njanji ndi ya nickel silver, ndipo imatalika ikatentha. Chidutswa cha 914 mm, kutentha kukasintha ndi madigiri 30, chimatalika pafupifupi theka la milimita. Pansi pa malata opanda siling'i, kusiyana kwa m'mawa wa June ndi masana a October kungafike pamenepo. Mukawotcherera zidutswa zitatu kukhala chimodzi, ndi milimita imodzi ndi theka yosowa kopita, ndipo imapita chammbali, njanji n'kupanga njoka.

Kwathu kuno zinthu ziwiri zimakumana. Miyezi yotentha kwambiri, September ndi October, ndiyonso youma kwambiri. Chitsulo chikutalika pamene thabwa likufota. Mvula ikayamba thabwa limamwa chinyezi n'kukula. Plywood imasuntha pang'ono chifukwa magawo ake ndi opingasana, ndipo ichi ndi chifukwa china choisankhira. Thabwa wamba limasuntha kwambiri m'lifupi mwake. Mabodi a mapepala opanikiza, monga Sundeala ya ku Britain, Homasote ya ku America, kapena softboard ya siling'i, amagwira bwino timisomali ndipo ndi abata, koma amamwa chinyezi ngati buledi, ndipo opanda plywood pansi amabwanthuka. Amene amakhoma njanji pamanja pa masilipa a mtengo ali ndi chifukwa chowafunira. Pa njanji yogula yomata ndi caulk palibe.

Chochita: plywood ikhale m'chipindamo milungu iwiri itagona pafulati musanaicheke. Mukamanga, pakani penti kapena vanishi mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete momwe. Kupaka pamwamba pokha n'koipa kuposa kusapaka, chifukwa kunsi kumamwa chinyezi kumwamba kusakumwa, bodi n'kupindika ngati mbale. Poyala njanji m'nyengo yozizira siyani mpata wa theka la milimita polumikizira paliponse powongoka. Mukayala m'chilimwe chotentha mpata ukhale wochepa kwambiri, udzatseguka wokha kukazizira. Wotchererani zolumikizira pokhota pokha, ndipo chidutswa chilichonse chikhale ndi waya wakewake wochokera pansi, magetsi asamadalire zolumikizira. Ngati ndalama ilipo, siling'i ya chipindacho ibwere njanji isanabwere. Imachotsanso fumbi logwa kudenga.

Chiswe nachonso. Mashelefu akhale pa mabulaketi achitsulo, asiye kampata ndi khoma koti muziona ngati chayamba kumanga njira yake, ndipo pasakhale mwendo wa thabwa wogunda simenti yong'aluka. Mankhwala oteteza matabwa okhala ndi mafuta aume kotheratu musanayandikize foam kapena masilipa a pulasitiki.

MmisiriWaThabwa:
Ndiwonjeze za polumikizira mabodi, chifukwa m'chipinda chozungulira chotere payenera kukhala chidutswa chochotseka pakhomo. Cork kapena foam ikafika m'mphepete penipeni imaphwanyika ndi kugundidwa, njanji n'kutsika mbali imodzi. Pa 25 mm yomaliza chotsani cork, muikepo kathabwa kolimba kapena plywood yochindikala mofanana. Kulungani timasikuluwu ta brass pansi pa njanji iliyonse mpaka mitu yake ikhudze kunsi kwa njanji, kapena matani masilipa a bodi ya mkuwa ya zamagetsi ija. Yalani njanji yathunthu kudutsa polumikizirapo mabodi atamangidwa kale pamodzi, wotchererani, ndipo mucheke pomaliza ndi sowo yopyapyala. Ngati ndi masilipa a mkuwa, dulani mkuwawo pakati pa silipa, apo ayi mwalumikiza njanji ziwirizo ndipo magetsi adzachita shoti. Mabawuti a M8 amakoka mabodi pamodzi koma salunjikitsa, mabowo ake amakula. Kulunjikitsa ndi ntchito ya madawelo achitsulo, tizikhomo tolowa ndendende m'mabowo ake, awiri pa nkhope iliyonse.

KaNjanji87:
Ndamva akuluakulu. Plywood ya 9 mm yotukula pa timizati, cork pamwamba, foam m'mbali. Kafunso kotsala ndi ka miyala: mchenga wa kumtsinje kapena fumbi la kwale zingalowe m'malo mwa yogula?

Gogo_OO:
Zingalowe, mukazikonza. Sefani kawiri, sefa ina yochotsa zikuluzikulu, ina yochotsa fumbi, kuti patsale timiyala ta pakati pa theka la milimita ndi milimita imodzi. Mwala wa njanji yeniyeni ndi wokwana m'dzanja, cha m'ma 50 mm, ndipo mukagawa ndi 87 mupeza kupitirira pang'ono theka la milimita. N'chifukwa chake ambiri a HO ndi OO (sikelo yoyandikana ndi HO) amagula miyala yolembedwa kuti ndi ya N. Tsukani mpaka madzi ayere, yanikani ziume, kenako mudutsemo maginito wokutidwa m'kapulasitiki kangapo konse. Mchenga wambiri uli ndi tizitsulo takuda, ndipo timeneto tikatsala timathera mu mota.

Musamate miyala msanga. Sitima ziyende milungu ingapo pa njanji yopanda miyala, kutsogolo ndi chambuyo, pa pointi iliyonse, ndi bogi yaitali ndi yaifupi yomwe, chifukwa pano kukonza ndi kulowetsa mpeni pansi pa masilipa basi. Tsiku lomata, nyowetsani kaye miyala ndi sipiriti wa isopropyl kapena madzi okhala ndi dontho la sopo wa mbale, mopopera m'mwamba kuti agwe ngati nkhungu. Mukadontheza guluu pa miyala youma amapanga timipira n'kuikankha. Guluu theka madzi theka, ndi sirinji yopanda singano, kuchokera m'mbali mwa njanji. Pa mapointi sunthani malilime kangapo pamene guluu akuuma, ndipo bowo la kawaya lija mulitseke ndi katepi kuchokera pansi kuti madzi asadonthere m'kamota.